Mlandu Suola, Koma Mboni Yace Imaola

Akuluakulu a kale anasiya mwambi wakuti mlandu suola, imaola ndi nyama. Mwambi umenewu ndi woona pa milandu ya minda, ya ngongole ndi ya maukwati, pakuti mboni zace ziri ndi moyo, ndipo zikhoza kuitanidwa ku bwalo ngakhale patapita zaka. Koma ulipo mlandu wina umene mboni yace yaikulu ndi thupi la munthu, limene liri mnofu ndi magazi. Umenewu ndi mlandu wa munthu amene wafa mwadzidzidzi, abale nayamba kufunsana kuti kodi anamwa ciani, kapena anamwetsedwa ciani. Pa mlandu wotere mboni ndi mtembo, ndipo mtembo sudikira bwalo. Nkhani ya lero, imene ikupita kwa omvera a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ifotokoza m'mene kuola kwa thupi kumasokonezera nchito ya akatswiri opima mankhwala ndi ciphe m'mitembo, ndiponso cimene abale ayenera kucita kuti umboni usaonongeke.

Nkhaniyi iyambire ku Zengeza 2, dera limodzi la mzinda wa Chitungwiza, umene uli pafupifupi makilomita 25 kumwera kwa Harare. Mzindawu unapangidwa m'caka ca 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo pa kalembera wa 2022 munawerengedwa anthu oposa 370,000. Pakati pao pali ana ndi zidzukulu za anthu a ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete, amene anabwera kale kudzagwira nchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale, ena pa Mthandizi, ena pa miyendo yao, nakhala machona. Anthu ambiri kumeneko amakhala m'cipinda cimodzi ca lendi, ndipo mwezi wa October, dzuwa likakwera, cipinda cotseka cimatentha ngati ng'anjo. Munthu wokhala yekha akamwalira m'cipinda cotere pa Lacisanu, kukhoza kucitika kuti sadziwika kufikira Lolemba, pamene pfungo ndi nchenche zauza anansi.

Pa maliro otere mafunso sacedwa. Acinyamata ambiri a m'matauni a Zimbabwe alowerera m'mankhwala ozunguza bongo: mutoriro kapena guka, amene Azungu amati crystal meth; bronco, ndiwo mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine; ndi musombodia, cakumwa caukali cosaloledwa ndi lamulo. Bvutoli linakula kotero kuti m'caka ca 2024 Boma la Zimbabwe linakhazikitsa dongosolo lolimbana nalo kufikira 2030. Tsono mnyamata akapezeka atafa, anansi amanong'onezana kuti ndi mutoriro, amai ace amati mwana wao anathiridwa tameki mu mowa, ndipo amalume amayang'ana mkazi wa malemuyo ndi diso lofiira. Onse amayembekeza kuti cikalata ca dotolo cidzathetsa mkangano. Kawirikawiri cimathetsadi; koma mphamvu ya cikalataco imadalira pa cinthu cimene ndi ocepa amacifunsa, ndico nthawi imene mtembo unakhala pa malo otentha usanapimidwe.

Munthu akali moyo, m'matumbo mwace mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso toculuka kwambiri, ndipo thupi limatichinga kuti tisatuluke m'menemo. Mtima ukaima, mpanda umenewo umagwa. Tizirombo timaboola matumbo, nitiyenda m'mitsempha ya magazi monga anthu ayenda m'miseu, ndi kudya ciri conse ca m'njira. Cizindikiro coyamba ndi kubiriwira kwa khungu m'munsi mwa mimba ca ku dzanja lamanja, kumene kumaoneka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Pambuyo pace mimba imatupa ndi mpweya, khungu limasupuka, ndipo magazi amasanduka madzi akuda onunkha. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi, kuzizira kumazicedwetsa. Ndico cifukwa cace m'nyumba ya cisoni ya cipatala mitembo imasungidwa m'firiji pa madigiri 4 kapena kucepera pang'ono. Dotolo wina wa ku Berlin, Johann Ludwig Casper, anaphunzitsa zaka zoposa 150 zapitazo kuti mtembo wokhala pamtunda sabata imodzi umaola mofanana ndi wokhala m'madzi masabata 2, kapena m'nthaka masabata 8. Mawerengedwe amenewa ndi ongoyerekeza, koma phunziro lace ndi loona: umboni umaonongeka kwambiri m'masiku a pakati pa imfa ndi firiji.

Kuola kumanyenga wopima m'njira 4. Njira yoyamba ndi yakuti mtembo umafulula mowa wokha. Mai ali yense wodziwa kuphika masese adziwa kuti mowa umafuna cotsekemera, cotupitsa ndi malo ofunda. Zonsezi zimapezeka mu mtembo, pakuti shuga ali m'magazi ndi m'ciwindi, tizirombo ta m'matumbo timagwira nchito ya cotupitsa, ndipo cipinda cotseka cimasunga kufunda monga mbiya yophimbidwa. Motero munthu amene sanalawepo mowa moyo wace wonse akhoza kupezeka ndi mowa m'magazi atakhala masiku 3 pa malo otentha, makamaka ngati anali ndi nthenda ya shuga.

Mlandu wochuka pa nkhani imeneyi unacitika ku London. Pa 28 February 1975 sitima ya pansi pa nthaka inalephera kuima pa siteshoni ya Moorgate, niomba khoma la kumapeto kwa njanji, ndipo anthu 43 anafa. Woyendetsa sitimayo, Leslie Newson, anapanikizika kutsogolo m'malo otentha kwambiri, ndipo mtembo wace unatulutsidwa pa 4 March, patapita masiku 4. Popima anapeza mowa wofika mamiligalamu 80 pa mamililita 100 a magazi, ndiwo malire enieni amene lamulo la ku England limaika kwa woyendetsa galimoto, monganso lamulo la ku Zimbabwe. Katswiri mmodzi, Anne Robinson, anaganiza kuti mwina munthuyo anamwa m'mawa umenewo. Katswiri wina, Roy Goulding, anati mowawo ukhoza kukhala wopangidwa ndi tizirombo. Magawo ena a thupi lomwelo anaonetsa mowa wocepa kwambiri kuposa pamenepo, ndipo omdziwa anacitira umboni kuti sanali munthu wa mowa. Bwalo linagamula kuti anthuwo anafa pa ngozi, ndipo cimene cinamcitikira woyendetsayo sicinadziwike kufikira lero. Koma liu lakuti mowa linali litalembedwa kale pambali pa dzina lace, ndipo liu lotere silifafanizika msanga.

Cifukwa ca milandu yotere, opima a masiku ano sakhulupirira magazi okha. Amatenganso madzi a m'kati mwa diso, pakuti diso liri patali ndi matumbo, ndipo tizirombo timacedwa kufikako. Amatenganso mkodzo, umene mwa munthu wopanda nthenda ya shuga ulibe cotsekemera coti nkufulula. Mowa ukapezeka m'magazi koma osapezeka m'diso ndi mu mkodzo, wopima amakaikira kuti unafululidwa ndi mtembo. Amafunanso cinthu cochedwa ethyl glucuronide, cimene ciwindi ca munthu wamoyo cimapanga polimbana ndi mowa umene wamwa. Ndipo m'botolo la magazi amathiramo mcere wochedwa sodium fluoride, kuti tizirombo tisapitirize kufulula pa ulendo wa ku nyumba yopimira.

Njira yaciwiri ndi yakuti mankhwala amasamuka. Munthu akamwa mapiritsi a mitundu ina, gawo lalikulu la mankhwalawo silikhala m'magazi. Limasungidwa m'ciwindi, m'mapapo ndi mu mnofu wa mtima, monga cimanga m'nkhokwe. Imfa ikafika nkhokwe zija zimapasuka, ndipo mankhwala amakhuthukira m'magazi a pafupi. Zotsala m'cifu nazonso zimadontha kulowa m'ziwalo zoyandikana. Motero magazi otengedwa mu mtima kapena m'cifuwa akhoza kuonetsa mankhwala oculuka kangapo kuposa amene anali kuyenda m'thupi munthuyo ali moyo. Kolokwini, amene kale anali mankhwala a malungo m'nyumba iri yonse, amacita zimenezi kwambiri. Momwemonso digoxin wa odwala mtima, amitriptyline woperekedwa kwa obvutika maganizo, ndi mutoriro womwe. Nkhalamba imene inali kumwa mapiritsi ace monga dotolo analamulira ikhoza kuoneka pa cikalata ngati inamwa botolo lonse, ndipo mpongozi amene anali kuidwazika ndiye amagwa m'mlandu. Pofuna kupewa cinyengo cimeneci, dotolo amatenga magazi mu mtsempha wa m'nchafu, patali ndi nkhokwe zija. Koma mtembo ukaola kwambiri magazi a m'nchafu sapezekanso, ndipo wopima amatsala ndi ciwindi kapena mnofu, zimene mawerengedwe ace ndi obvuta kumasulira.

Njira yacitatu ndi yakuti mankhwala ena amatha. Cocaine amapitirira kusweka m'magazi ngakhale munthu atafa; heroin amasanduka morphine m'kanthawi kocepa; mapiritsi ena ogonetsa, monga nitrazepam, amasinthidwa ndi tizirombo; insulin amaonongeka msanga magazi akayamba kuola. Mankhwala a ku munda, amene amapha anthu ambiri m'maiko atatuwa, naonso sakhalitsa onse. Tameki ndi ena a mtundu wace amasweka m'kupita kwa masiku, ndipo mapiritsi oteteza cimanga ca m'matumba amapha ndi mpweya umene umauluka. Pamenepa omvera acenjere. Cikalata cikanena kuti ciphe sicinapezeke mu mtembo wa masabata 2, tanthauzo lace ndi lakuti pa tsiku lopima panalibe cotsala coti makina nkuona. Sicinalumbire kuti ciphe munalibe pa tsiku la imfa. Kucedwa komweko kumene kumapacika wosalakwa kukhozanso kupulumutsa wolakwa.

Njira yacinai ndi yakuti kuola kumapanga zinthu zofanana ndi mankhwala. M'zaka za m'ma 1870 Francesco Selmi, mphunzitsi wa pa sukulu yaikulu ya Bologna ku Italy, anaonetsa kuti mnofu woola umatulutsa zinthu zimene pa mapimidwe a masiku amenewo zinali kuoneka ngati morphine ndi ziphe zina za m'mitengo. Anazicha ptomaine, kucokera ku liu la Cigriki lotanthauza mtembo, ndipo umboni wace unapulumutsa anthu amene anaimbidwa mlandu wakupha ndi ciphe. Makina asintha, koma msampha ulipobe. Kapimidwe kofulumira, kamene kamapereka yankho m'mphindi zocepa, kamazindikira mankhwala ndi maonekedwe ace, monga mlonda azindikira munthu usiku ndi msinkhu wace. Thupi loola limapanga phenethylamine ndi tyramine, zimene zimafanana msinkhu ndi mutoriro, ndipo kapimidwe kofulumira kakhoza kuloza mnyamata amene sanaukhudzepo. Yankho lotere ndi cikaiko cabe. Liyenera kutsimikizidwa ndi makina akuluakulu a mass spectrometry, amene amalekanitsa zinthu cimodzicimodzi ndi kuyesa kulemera kwa tizidutswa tace. Makina amenewa ndi a mtengo wapatali ndipo amapezeka m'malo ocepa, cotero mayankho amatenga masabata kapena miyezi.

Pa njira 4 zimenezi manja a anthu amaonjezapo ina, imene imakhudza makamaka a ku Zengeza amene kwao ndi ku Dedza, ku Mangochi kapena ku Katete. Mtembo wopita kumudzi kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, kapena pa Chirundu, umayamba wakonzedwa ndi mankhwala oletsa kuola usanadutse malire. Okonza amacotsa magazi nalowetsa formalin m'mitsempha. Nchito imeneyi ndi yabwino, pakuti imalola amai kuona nkhope ya mwana wao. Koma kwa wopima iri ngati kukolopa m'nyumba imene mwacitika mlandu apolisi asanafike. Magazi apita, formalin amasintha mankhwala ena kukhala ena, ndipo mu formalin muli methanol, ciphe comwe cija cimene cimacititsa anthu khungu ndi kupha omwa zakumwa zacinyengo. Mtembo ukakonzedwa, funso lakuti kodi munthuyo anafa ndi methanol limakhala lobvuta kwambiri kuliyankha. Abale akayamba kukaikira atafika kale kumudzi, nafuna kuti manda afukulidwe, amakhala atacedwa kawiri.

Komabe mtembo wakale sukhala cete kotheratu. Arsenic ndi ziphe zina za m'gulu la zitsulo zimakhala m'tsitsi, m'zikhadabo ndi m'mafupa zaka zambiri. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo limasunga mbiri ya mankhwala amene munthu anali kumwa m'miyezi ya m'mbuyo, ngakhale silinena za tsiku lace lomaliza. Mphutsi zimene zadya mtembo zimatenga mankhwala a m'menemo, ndipo nazonso zimapimidwa. M'caka ca 1998 apolisi a ku England anafukula mitembo ya odwala a dotolo wina wa ku Hyde, Harold Shipman, ndipo mu mnofu wa m'nchafu munapezeka morphine, ngakhale ina inali itakhala m'manda miyezi yambiri. Mu January 2000 Shipman anapezeka wolakwa pa kupha amai 15. Bwalo silinadalire mitembo yokha. Linaonanso kalata yogawa cuma ca masiye imene iye anapeka, ndi mabuku a odwala amene anasintha. Opima amadziwa kuti mtembo wakale ukhoza kunena kuti cakuti cinalimo, koma sunena bwino kuti cinali coculuka motani, ndipo kuculuka ndiko kumalekanitsa mankhwala ndi ciphe.

Nthawi zina mboni yabwino iri kunja kwa thupi. Mu January 2015, ku Chitima m'cigawo ca Tete ku Mozambique, anthu anamwa pombe pa maliro, ndipo 75 anafa, ena oposa 100 nadwala. Mbiri inawanda kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Koma madotolo a Boma anasunga mowa wotsala ndi ufa umene anaphikira mowawo, nazitumiza kukapimidwa kunja kwa dziko. Mu November caka comweco yankho linalengezedwa: mu mowamo munali ciphe cochedwa bongkrekic acid, copangidwa ndi tizirombo timene tinaswana mu ufa wa cimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira. Mgolo wa mowa ndi thumba la ufa zinayeretsa mudzi umene mphekesera inali itaudetsa.

Tsono abale ayenera kucita ciani? Madotolo odziwa nchito yopima mitembo ndi ocepa m'maiko onse atatu, kotero kuti Zimbabwe kwa zaka zambiri anathandizidwa ndi madotolo ocokera ku Cuba. Magetsi naonso amazima, monga m'caka ca 2019 pamene anali kuzima kufikira maola 18 pa tsiku. Zimenezi banja silingazisinthe pa tsiku la maliro. Cimene ciri m'manja mwace ndi maola oyamba. Munthu akapezeka atafa mosadziwika bwino, apolisi auzidwe tsiku lomwelo, ndipo mtembo upite ku nyumba ya cisoni msanga. Kwa anthu a ku Zengeza 2 cipatala cacikulu ca Chitungwiza ciri pafupi, ku Zengeza 4. Kudikira amalume ocokera ku Blantyre kapena ku Lusaka kucitike mtembo uli kale m'firiji. M'cipinda musasesedwe, makapu, mabotolo, mapepala a mapiritsi, cakudya cotsala, ngakhale masanzi, zonse zisiyidwe kwa apolisi. Dotolo auzidwe zoona zokhazokha: nthawi imene malemuyo anaoneka wamoyo komaliza, nthawi imene anapezeka, matenda ace, mankhwala amene anali kumwa ndi zimene anali kusuta, ngakhale ziri zocititsa manyazi pa banja. Wina akakhala ndi cikaiko, acinene mtembo usanakonzedwe ndi formalin. Amene cipembedzo cao cimafuna kuika maliro msanga asaope, pakuti kutenga magazi, mkodzo ndi madzi a m'diso ndi nchito ya kanthawi kocepa, ndipo kufulumira kwao kumathandiza wopima.

Cikalata cikabwera, mkulu wa banja acite bwino kufunsa mwaulemu mafunso 3. Kodi magazi anatengedwa pati, ndipo patapita masiku angati? Kodi yankho la kapimidwe kofulumira linatsimikizidwa ndi makina aciwiri? Kodi dotolo akuti mankhwalawo ndiwo anapha, kapena akungoti anapezeka? Funso lacitatuli ndi lalikulu, pakuti munthu wozolowera bronco akhoza kuyenda ndi codeine wokwanira kugwetsa munthu wosazolowera, koma nafa ndi cibayo kapena nthenda ya mtima. Dotolo wabwino sakwiya ndi mafunso otere, cifukwa ndiwo amene iye mwini amadzifunsa asanalembe dzina lace pa cikalata.

Makolo, pofuna kudziwa amene anapha munthu, anali kumwetsa mwabvi. Wosanza anali kuyesedwa wosalakwa, wakufa nayesedwa mfiti, ngakhale zambiri zinadalira pa kuculuka kwa khungwa limene linasinjidwa. Ku Malawi lamulo linaletsa mwabvi m'caka ca 1911. Kupima kwa madotolo kumaposa mwabvi kutali, pakuti kukhoza kubwerezedwa, kufunsidwa ndi kutsutsidwa pa bwalo. Koma nambala ya pa cikalata ikatengedwa ngati ciweruzo, popanda kufunsa masiku amene mtembo unakhala pa malo otentha, imasanduka mwabvi watsopano, ndipo mkazi wamasiye akhoza kupirikitsidwa m'nyumba yace cifukwa ca nchito ya tizirombo. Akuluakulu omwe aja anati kuona maso a nkhono nkudekha. Abale afulumire ndi mtembo, koma adekhe ndi mlandu.